Kuchotsa otomatiki pa Mark II yanga ndi kusankha magiya a mapiri a Mzuzu

9 Malichi 2024: Otomatiki yagonja

Galimoto ndi Toyota Mark II Tourer V, thupi la JZX100, ya 1998. Injini ndi 1JZ-GTE ya malita 2.5, ya tebo imodzi. Pa mapepala a ku Japan ili ndi 280 PS, ndipo mphamvu yake yokoka, 378 Nm, imafika pachimake pa 2,400 rpm, ndiye kuti injini ikuzungulira ka 2,400 pa mphindi. Nambala ya 2,400 iyi muisunge, ibweranso kangapo.

Lachiwiri lapitali ndimachokera ku Nkhata Bay. Nditadutsa Mpamba, phiri litangoyamba, ndinaponda mafuta kuti ndipitirire lole ya makala. Singano ya rev inalumpha mpaka 5,000, injini ikulira, koma galimoto osapita. Ndinafika ku Katoto mokwawa, ma minibasi akundiimbira hutala kumbuyo.

Lero tatsegula sampu ya giyabokosi kwa madala a ku Luwinga amene akhala akundikonzera galimoto zaka zisanu tsopano. Oyilo watuluka wakuda, akununkha ngati nsima yopserera, ndipo pa maginito a m'sampu pamatirira tizitsulo ngati mchenga. Madala apukuta m'manja nati, "Bwana, iyi yatha. Tipeze ina ya otomatiki, K700,000 ikwana, sabata yamawa muli pamsewu."

Nzeru ndi zomwezo, sindikutsutsa. Koma ine ndakhala ndikulakalaka manyuwo chigulireni galimotoyi, ndimangosowa chonamizira kwa mayi a kunyumba. Chapezeka.

23 Malichi: Tiyambe tadziwa difu

Ndisanagule kanthu ndinafuna kudziwa reshiyo ya difu, chogawa mphamvu ku matayala akumbuyo: pulopela shafti imazungulira kangati kuti matayala azungulire kamodzi. Galimotoyi yadutsa m'manja mwa anthu atatu chitsikireni pa Songwe, ndiye sindikhulupirira kuti zonse za pansi ndi zomwe inabwera nazo.

Tinakweza tayala limodzi lakumbuyo pa jeke, n'kulemba choko pa tayala ndi pa pulopela shafti. Mnyamata wa pagalaja atazunguza tayala kamodzi, shafti inazungulira pafupifupi kawiri basi. Tinayang'anana. Difu ya reshiyo 2 pa Mark II kulibe. Patapita kanthawi madala anaseka okha: difu yanga ndi yotseguka, si LSD imene imagwirizanitsa matayala awiri lina likamaterera, ndiye tayala linalo likakhala pansi uyenera kuzunguza lam'mwambalo kawiri kuti ziwerengedwe ngati kamodzi. Tinabwereza, inapereka pafupi ndi 4. Koma "pafupi ndi 4" sikuthandiza, chifukwa Toyota ili ndi 3.727, 3.909 ndi 4.100, zonse zoyandikana. Tinazunguza tayala ka 20, shafti inazungulira ka 39. Ndiye kuti ndi 3.909, mano 43 pa giya yaikulu, 11 pa yaing'ono.

Ndalama: choko cha mwana wanga ndi Fanta ziwiri.

13 Epulo: Masabata atatu a kakuleta

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ndinatsala pang'ono kutaya ndalama zambiri.

Matayala anga ndi 225/45 R17. Limodzi likazungulira kamodzi limayenda mamita 1.99, ndiye pa 100 km/h limazungulira ka 836 pa mphindi. Mukachulukitsa 836 ndi reshiyo ya difu, kenako ndi reshiyo ya giya imene mulimo, mwapeza rev ya injini. Masamu onse ndi amenewa. Ndinalemba kuseri kwa katoni ya oyilo, ikadali yokhomedwa pakhoma la galaja.

Magiyabokosi amene anali m'maganizo anali anayi.

Madala ankakakamira R151F ya Hilux imene yakhala pakona ya galaja chaka chonse. Akuti ndi banja limodzi ndi R154, bokosi la manyuwo la Tourer V, ndipo sakunama. Ndi yolimba, zipangizo zake ukhoza kuzipeza mu Mzuzu momwemuno tsiku lomwelo. Koma magiya ake ndi 4.313, 2.330, 1.436, 1.000 ndi 0.838. Giya wani ya 4.313 anaipangira kudzutsa matumba a chimanga m'matope a ku Mpherembe. Pa galimoto yanga ikanatha pa 46 km/h injini ili pa 6,500, ndipo posinthira mu giya thu rev ikanagwa mpaka 3,500. Pa 100 km/h mu giya faifi injini ikanamalira pa 2,740. Kuwonjezera apo ndi ya 4x4, kumbuyo kwake kuli transifa yogawira mphamvu ku matayala akutsogolo, ndiye kusula kwake kukanakhala ntchito ina payokha. Ndinakana mwaulemu. Madala anati, "Inu ana a kakuleta inu," koma anaibwezera pakona pake.

Yachiwiri inali W58, ya magiya 3.285, 1.894, 1.275, 1.000 ndi 0.783. Manambalawa ndi okoma kwambiri, mtengo wakenso ndi wofewa. Vuto lake ndi lakuti Toyota inkaiika pa Supra zopanda tebo. Kumbuyo kwa 1JZ-GTE ikhoza kukhala bwino munthu akamaisamala, koma ine phazi langa ndimalidziwa. Inatuluka pa mndandanda tsiku lomwelo.

Imene inandizunguza mutu ndi CD009 ya Nissan 350Z. Magiya sikisi, mbiri ya kulimba, ndipo aliyense pa gulu lathu la WhatsApp la okonda galimoto ankangoti tenga imeneyo. Ine ndinkaganiza kuti giya ya chisanu ndi chimodzi ndiyo idzandipulumutse pa mafuta popita ku Lilongwe. Nditalemba manambala ake, 3.794, 2.324, 1.624, 1.271, 1.000 ndi 0.794, ndinangoti kakasi. Giya sikisi yake ndi 0.794, pamene giya faifi ya R154 ndi 0.753. Ndi difu yanga, CD009 pa 100 km/h ikanazungulira pa 2,600, kuposa bokosi la magiya asanu. Giya yoonjezerayo siili pamwamba ayi, ili pakati, magiya angopanikizana. Giya wani yake ikanatha pa 52 km/h. Kuti ikome ndikanafunika difu ina yaitali, mbale ya adaputa yolumikizira bokosi la Nissan ku injini ya Toyota, ndiponso kumenya ngalande ya pansi pa galimoto ndi hamala chifukwa bokosilo ndi lonenepa. Ndalama zake zinandithawitsa.

Yatsala R154, imene Toyota yomwe inkaika pa Tourer V ya manyuwo. Magiya ndi 3.251, 1.955, 1.310, 1.000 ndi 0.753. Pa 6,500 rpm giya wani imafika 61 km/h, giya thu 102, giya fili 152, liwiro limene kuno mungolipeza pa pepala. Kusintha kuchoka mu wani kupita mu thu rev imagwera pa 3,900, tebo ikadali m'maso. Pa 100 km/h mu faifi ndi 2,460.

Za difu ndinayesanso pa katoni pomwepo. Ndinatenga liwiro limene ndimayenda kwenikweni, 50 km/h mu giya fili, kumbuyo kwa lole pa phiri. Difu ya 3.727 ikupereka 2,040 rpm, yanga 2,140, ya 4.100 ikupereka 2,250. Pa 100 km/h mu faifi ndi 2,350, 2,460 ndi 2,580. Ya 3.727 ikanandichotsa kutali ndi 2,400 ija pamalo pamene ndimaifuna. Ya 4.100 ndiyo mtima unkafuna, koma petulo anali pa K2,530 pa lita chichokereni Novembala 2023, ndipo Lilongwe ndi ulendo wa makilomita oposa 350. Difu ikhala yomweyi.

18 Meyi: Bokosi lafika, koma

Mlamu wanga amatenga galimoto ku doko la Dar es Salaam. Ndi iye anandipezera R154 kwa wogulitsa zipangizo zakale kumeneko. Anatumiza zithunzi, ndinaona bokosi loyera bwino, ndinatumiza ndalama. Kugula, thiransipoti ndi msonkho pa boda zonse pamodzi K2,400,000. Madola ndinachita kusaka, za ku banki musafunse.

Titalitsitsa pa pikapu, madala analizungulira kawiri osayankhula. Kenako anatenga tepi n'kuyeza mabowo a bellhousing, chigoba chija cholumikiza bokosi ku injini. "Alamu anuwo munawauza kuti injini ndi yanji?"

Sindinawauze. Ndinangoti R154. Bokosili linachokera pa Supra yakale ya MA70, ya injini 7M-GTE. M'kati ndi R154 yeniyeni, koma chigoba chake sichigwirizana ndi 1JZ, ndipo ndodo ya magiya imatulukira kutsogolo kuposa ya JZX100. Safunsa anadya phula, ndipo phula lake ndadya ndi ine, osati mlamu.

Mwayi wake chigobacho chimamasuka ndi mabawuti, ndipo cha 1JZ chimakwana pa bokosi lomweli. Taitanitsa chigoba, foloko ya kilatchi ndi slave cylinder yoyendetsa folokoyo kuchokera ku Johannesburg, K650,000. Amene mukufuna kuchita zomwezi, muuzeni wogulitsa ajambule chigoba kutsogolo ndi malo a ndodo, ndipo anene galimoto imene bokosi lachokera.

Tinakhetsa oyilo wakale. Anatuluka wofiirira, wopanda tizitsulo. Magiya onse akulowa ndi dzanja.

15 Juni: Mapedulo

Podikira katundu tinachita za m'kati. Pedulo ya kilatchi, pedulo yaing'ono ya buleki ndi master cylinder, kapampu ka kilatchi, zinabwera pamodzi, K280,000. Kuboola khoma la pakati pa injini ndi dalaivala kunatenga tsiku lathunthu chifukwa magetsi anazima kawiri. Ine ndinagona chagada pansi pa chiwongolero maola atatu, khosi likupwetekabe.

Fulaiwiro, kilatchi puleti, puresha puleti ndi beringi zake: K900,000. Mabawuti a fulaiwiro mugule atsopano. A otomatiki ndi aafupi, anapangidwira chimbale chopyapyala chimene otomatiki imakhala nacho m'malo mwa fulaiwiro, sagwira mokwanira. Kumbuyo kwa kirankishafti kumafunikanso kaberingi kakang'ono kogwira nsonga ya shafti ya bokosi, chifukwa injini ya otomatiki ilibe. Kathu tinakagoneka m'firiji usiku wonse kuti kalowe mosavuta. Mayi a kunyumba anakapeza pambali pa usipa, nkhani yake inatenga masiku awiri.

6 Julayi: Kukweza kawiri bokosi limodzi

Tsiku lokumbukira ufulu ife tinali pansi pa galimoto, kunja kukugwa mawawa, kuzizira kwa Mzuzu kwa Julayi kumene kumalumitsa mano.

Kilatchi ya R154 ndi yokoka. Za Hilux ndi ma Corolla zimene madala azolowera, beringi imakankha zala za puresha puleti. Iyi beringi imamangiriridwa ku puresha puletiyo ndi mawashala ndi kamphete kotsekera, foloko n'kumaikokera kumbuyo. Pachigoba pali timawindo tiwiri tolowetsera foloko ndi kumangira mabawuti a puresha puleti bokosi litakwera kale.

Tinakweza anthu anayi, jeke imodzi ndi thabwa. Kulowa kunalowa. Tinatulutsa mpweya mu paipi ya kilatchi, pedulo inalimba, koma injini ili chizimire tikakankha galimoto mu giya, pedulo ili pansi, matayala amangokana. Tinatulutsanso mpweya kanayi konse, botolo lonse la buleki fuluwidi linathera pansi. Madzulo madala anaunika ndi tochi pa kawindo, mnyamata akuponda pedulo, ndipo anaona beringi ikubwerera yokha, puresha puleti osaitsatira. Kamphete kotsekera sikanakhale m'ngalande yake chifukwa washala imodzi tinaiika chozondoka.

Lamulungu titachoka ku tchalitchi tinatsitsa bokosi. Kukonza kwake mphindi khumi, kutsitsa ndi kukweza maola asanu. Musanakweze, kokani beringiyo ndi manja awiri mwamphamvu. Ikasomphoka m'manja mwanu, yasomphoka pa nthawi yabwino.

Chitsulo chopingasa chonyamula bokosi tinasula kuchokera ku cha otomatiki, K45,000 kwa wowotcherera wa pafupi. Oyilo ndi 75W-90, analowa pafupifupi malita 3, K75,000.

20 Julayi: Kiyi akuzungulira, sitata ili duu

Galimoto ya otomatiki siiliza ngati siili pa P kapena N, ndipo switchi imene imanena zimenezo inapita ndi bokosi lakale. Wa zamagetsi analumikiza mawaya awiri a sitata pa pulagi yakaleyo, awiri ena anawapititsa ku switchi ya rivesi ya pa R154 kuti magetsi akumbuyo aziyaka. K30,000. Dziwani kuti mukatero galimoto imaliza ngakhale ili mu giya. Mnyamata wa pagalaja anaiwala, inadumpha n'kugunda diramu ya oyilo wakutha. Bampala yakalika pang'ono, mwana wa eni ake ali bwino.

Kompyuta ikadali ya otomatiki. Injini ikuyenda bwino, koma kanyali kena ka pa dashibodi kakuphethira chifukwa ikufunafuna bokosi limene kulibe. Pakadali pano ndamatapo tepi yakuda.

Ndodo ya magiya inatulukira pamene tinkaopa, kutsogolo kwa bowo la otomatiki. Tinadula chitsulo cha pansi masentimita angapo. Mu giya wani, fili ndi faifi chibakera chimagunda wailesi, siteshoni n'kusintha. Wowotcherera uja anadula ndodoyo n'kuipinda ngati mwendo wa galu kuti mutu wake ubwerere m'mbuyo. Ikugwira, ngakhale kuti dzanja limayenda mokweza ndi kutsitsa, osati kutsogolo ndi kumbuyo kokha. K15,000.

17 Ogasiti: Pulopela shafti yandiphunzitsa

Apa ndinaumira ndipo ndinalipira kawiri. Theka lakutsogolo la shafti ya otomatiki silikwana pa R154. M'malo moitanitsa loyenera, ndinalola kuti adule lakale n'kuwotchererapo mutu umene unabwera ndi bokosi. K120,000. Poyang'ana ndi maso inali yowongoka.

M'tauni zonse zinali bwino. Tsiku limene ndinatulukira msewu wa ku Ekwendeni, nditafika 80 km/h galasi loonera kumbuyo linayamba kunjenjemera, pa 95 mpando wonse umachita ngati wakhala pa chigayo. Poyamba tinanamizira matayala, ndinataya K24,000 kuwabalansa onse anayi. Kenako ndinayesa china: pa 90 ndinaponda kilatchi n'kuika nyutulo, rev inagwa koma kunjenjemera sikunasinthe. Ndiye kuti si injini, si fulaiwiro, ndi chinthu chozungulira limodzi ndi matayala. Titakweza galimoto n'kuyandikiza choko pa shafti ikuzungulira pang'onopang'ono, chokocho chinalemba mbali imodzi yokha, pa chowotchereracho.

Shafti imazungulira ka 3.909 pa kuzungulira kumodzi kwa tayala, ndiye pa 100 km/h ili pa 3,270 pa mphindi. Kupindika kumene diso siliona, pa liwiro limenelo kumakutha beringi ya pakati ndi silo ya kumbuyo kwa bokosi. Silo yathu inali itayamba kale kudontha. Ndaitanitsa theka lakutsogolo la JZX100 ya manyuwo, K350,000, ndi silo K18,000. Galimoto yaima masabata atatu, ndabwerera pa kabaza.

14 Seputembala: Kubwerera pa phiri lija

Shafti yatsopano inafuna kusuntha beringi ya pakati pang'ono chabe. Kunjenjemera kwatheratu.

M'mawa uno ndinatsikira ku Nkhata Bay ndi madala, kuti akamve okha. Kuchoka pa nyanja kufika Mzuzu munthu umakwera mamita pafupifupi 800 m'makilomita osakwana 50, ndiye kwa ine palibe poyesera pena poposa apa. Potsika ndinagwira giya fili, m'makona othina thu, buleki ndimangoigusa. Ndi otomatiki ndinkafika kunyanja mabuleki akununkha. Lero madala anagwira rimu ndi dzanja pa depoti, inali yofunda chabe.

Pokwera manambala a pa katoni anatsimikizika. GPS ya pafoni ikunena 60, giya fili, singano ili pa 2,570, ndipo ukangoponda tebo imayankha pompo. Pamalo pomwe otomatiki inafera ndinapitirira lole mu giya fili osasintha. Madala anagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko nati, "Pang'onopang'ono bwana, ndili ndi zidzukulu."

Koma pali bowo limodzi limene sindinalione bwino mu Epulo. Pa 40 km/h, liwiro la kumbuyo kwa lole yodzaza, giya thu ili pa 2,560 ndipo galimoto imadumphadumpha ukangosuntha phazi, pamene giya fili ili pa 1,710, tebo ili mtulo. Palibe giya yokhalamo mwamtendere, umangosinthasintha. Nditafika kunyumba ndinawerengera CD009 ija: giya fili yake pa 40 ikanakhala pa 2,120, pakati penipeni. Magiya opanikizana amene ndinawanyoza aja ntchito yake ndi imeneyi. Sindikudandaula pa ndalama zimene ndinapulumutsa, koma a pa WhatsApp aja sanali olakwa kotheratu, ndipo ndawauza.

Giya thu ikakhala yozizira imalimba kulowa, makamaka m'mawa. Ukayenda makilomita asanu imafewa. Ndazolowera kudikira kaye pa nyutulo kamphindi ndisanaikankhe.

2 Novembala: Mafuta, ndi zotsala

Ulendo wa ku Lilongwe ndinapita kumayambiriro kwa Okutobala, mafuta asanayambe kusowa. Kudutsa Chikangawa mu nkhungu ndinali mu giya folo nthawi yambiri, kuchoka Jenda kupita Kasungu mu faifi, singano ili pa 2,460 monga katoni inanenera. Ndinadzaza thanki ponyamuka ndi pofika: makilomita 9.5 pa lita. Ndi otomatiki ndinkapeza pafupifupi 9. M'tauni ndiye zaipiratu kuposa kale, ndipo mlandu si wa bokosi, ndi wa phazi langa, limene tsopano limafuna kumva tebo pa giya iliyonse.

Masabata awiri apitawa galimoto yangoima pa mzere wa mafuta. Dzulo ndinakhala pa mzere kuyambira 5 koloko m'mawa, kusuntha mita imodzi imodzi pa kamtunda, ndipo kwa nthawi yoyamba mwendo wamanzere unandikumbutsa otomatiki ija. Puresha puleti imene ndinasankha ndi yolimba kuposa ya fakitale. Ndikadzatsitsanso bokosi ndidzaika yofewa.

Mayi a kunyumba awonkhetsa malisiti onse, kuphatikiza K450,000 ya madala: K5,357,000. Anandiwerengera nambalayo kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono, kenako anafunsa kuti K700,000 ija inali ya chiyani.

Zotsala ndi kompyuta ya manyuwo kuti tepi yakuda ichoke, ndi chigoba chachitali cha ndodo ya magiya kuti mwendo wa galu upume. Mlamu wanena kuti waona difu ya 4.100 ya LSD ku Dar es Salaam. Ndi imeneyo giya fili pa 40 km/h ikhoza kukwera kufika 1,800, kusiyana kwa 90 rpm chabe, ndiye bowo lija silitsekeka. LSD yokhayo ndiyo ikundikopa, mvula ikayamba msewu wa kwathu ku Mchengautuwa umaterera. Ndamuuza ajambule mbali zonse zinayi, awerenge mano pamaso pa wogulitsa, ndipo asapereke ndalama ndisanayankhe.